Kandiyatsire Ndudu

A Osorio akakhala pakhonde sankadziwanso kudzuka. Ankapichira fodya wawo mwaufulu, n'kuitana mwana wawo wamkulu: "Luckson, kandiyatsire." Khitchini inali kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo mphepo ya m'mapiri a kwa Kanduku ilibe ulemu ndi kamoto ka ndudu. Mwanayo akabwera nayo yozima, ankamubweza. Atatopa ndi kumubwezabweza, anamupatsa nzeru. "Uzikoka pang'ono m'njiramo, siizima." Nthawi imeneyo Luckson anali akugulukabe mano.

Lero Luckson amayendetsa njinga yamoto ya kabaza kumalire, milomo ili bii, chifuwa chosatha. Anzake akamathamangira okwera, iye amatsalira m'mbuyo ali wefuwefu. A Osorio nawo anabwerako kuchipatala atauzidwa kuti mapapo awo anatha ndi fodya. Kuchoka pamkeka kukafika pachitseko kunasanduka ulendo. Za Luckson anali atazisiya m'manja mwa Mulungu, ngakhale zinkawapweteka. Chomwe ankapempha tsopano chinali chimodzi: Sungani, mwana wawo wotsiriza, akule osalawa utsi.

Lamulungu lina masana, amayi a m'nyumbamo ali kutchalitchi, Luckson anabwera kudzaona odwala. Anapereka moni, nakakhala patali, pansi pa mtengo wa manachesi, poti kusuta pamaso pa bambo ndi mwano. Anasolola ndudu, napisa m'thumba. Machesi munalibe.

"Sungani," anaitana motsitsa mawu, "kandiyatsire. Kunjaku kuli mphepo, uzikoka pang'ono."

A Osorio anamva. Anali mawu awo omwe, osasintha ndi pang'ono pomwe, ndipo mantha anawagwira. Anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma chomwe chinatuluka ndi chifuwa. Anagwira nsanamira ya khonde, nadzikoka mpaka kuima. Mapazi awiri, mpweya unawathera, nagwada pafumbi. Mwana anali atakhota kale pakhola, akuthamanga ndi chimwemwe cha wotumidwa ndi mkulu wake.

Pamene chifuwa chinawasiya, Sungani anali ataima patsogolo pawo. Maso ake anali ndi misozi ya utsi, wina ukutulukira m'mphuno, koma nkhope ili mwee ngati wakhoza mayeso. Anakweza nduduyo kuti bambo ake aione bwino.

"Onani, ababa," anatero. "Sinazime."