Pamene Dzanja la Obadiya Silifika

"Thanzi yense watha. Paketi yomaliza ndapereka m'mawa."

"Ndiye mwana wanga afe?"

"Sindinatero, bambo a Thoko. Shuga alipo kwanu, tisakanize ndi mchere?"

"Shuga, Febuluwale uno?"

Obadiya anali ataima pakhomo pa Gideoni, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo, mwana wake Thoko ali paphewa. Mwanayo, wa zaka ziwiri, ankatsegula m'mimba kuyambira dzulo lake. Maso anali atalowa m'kati, ndipo polira misozi sinkatuluka. Mvula inali itagwetsa zimbudzi, zoipa n'kulowa m'zitsime, matenda n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Mlatho wa njira ya ku Madisi unali utakokoloka, ndipo mkazi wake Elizabeti, amene anapita kuchigayo, anatsekeredwa kutsidya. Mafoni onse anali atazima, poti sola sagwira dzuwa likabisala.

Gideoni anatsina khungu la pamimba pa mwanayo. Linachedwa kubwerera.

"Koma dikirani," anatero. "Mvula isanayambe, mayi a Thoko anadzandifunsa zoyenera kusunga pakhomo. Ndinawauza, ndipo ndinawaona akugula ku Madisi. Kwanu mankhwala alipo."

"Kulibe. Ndinawaletsa."

Obadiya ankalikumbuka tsikulo. Anauza mkazi wake kuti kugula mankhwala munthu asanadwale kuli ngati kukhomeratu bokosi la maliro: matenda amamva kuti aitanidwa. Elizabeti anayankha kuti, "Ndamva, bambo." Iye anapita kukakonza chigafa cha fodya wake, mtima uli m'malo, podziwa kuti pakhomo pake mawu ake sagwa pansi.

"Kuletsa munaletsa, koma kugula anagula," anatero Gideoni. "Ndiye kuti anabisa. Tiyeni."

Atafika, Gideoni anatereka madzi pamoto kuti awire. Obadiya anagoneka mwana pamphasa n'kuyamba kufufuza. Anatsegula sutikesi, anavundukula matiresi, anapisa dzanja m'thumba la mbewu, anakwera pampando n'kupapasa pamwamba pa khoma. Anathamangira kuchigafa n'kubwerako atanyowa, manja ali lende. Thoko anali atasiya kulira. Kukhala chete kwakeko kunali koopsa kuposa kulira.

"Mukufuna ngati munthu amene anabisa yekha," anatero Gideoni. "Anabisa ndi mayi a Thoko, ndipo amabisira inu. M'nyumba muno, ndi pati pamene dzanja lanu silifika?"

"Nyumba ndi yanga. Paliponse ndimafika."

"Paliponse?"

Obadiya anayendetsa maso. Pakona, kuseri kwa chitseko, panali ndowa yachivindikiro momwe Elizabeti ankasungamo matewera ochapa ndi tizovala ta mwana. Ankaidutsa tsiku lililonse chibadwire Thoko. Ngakhale dzulo, mwana atadziipitsira, iye anang'amba malaya ake akale osaiganizira n'komwe.

Anaivundukula. Pansi pa matewera panali chitini chotseka bwino, chokulunga m'jumbo. M'katimo munali mapaketi a Thanzi, mapiritsi a zinki, panado wa ana ndi wa akulu, bandeji, sopo ndi kabotolo ka klorini, chilichonse chili m'pepala lake la kusitolo.

Gideoni anayang'ana tsiku lothera ntchito pa paketi, n'kuthira yonse mu lita imodzi ya madzi owiritsa atazizira.

"Supuni imodzi, mudikire pang'ono, kenako ina. Akasanza musasiye, mungopumira kaye. Zinki ndi kamodzi patsiku mpaka paketi ithe, ngakhale aoneke wachira. Njira ikatseguka, kuchipatala."

Kenako anatenga mapaketi awiri. "Awa ndikupita nawo kwa a Felton. Mwana wawo anayamba kutsegula m'mimba Thoko asanayambe."

Obadiya anakhala pamphasa ndi supuni m'manja. Munthu wozolowera khasu ndi chikwanje anayamba kumwetsa mwana ndi kasupuni ka tiyi. Madzi oyamba anatayikira m'khosi. Ena analowa. Dzuwa likupendeka kuseri kwa mitambo, Thoko anakodza, natsegula maso n'kuitana mayi ake.

Kwa a Felton Thanzi anafika mochedwa. Mwana anali atalephera kale kumeza.

Madzi ataphwa, anthu anayala mitengo pamtsinje, Elizabeti n'kuwoloka ndi ufa wake pamutu. Anafika tsiku la maliro a mwana wa a Felton. Bokosi linali laling'ono, lokhomedwa ndi matabwa a chitseko cha khitchini, ndipo munthu mmodzi analinyamula m'manja.

Kumanda, abusa atamaliza, Gideoni anapempha kuyankhula.

"Abale, mankhwala saitana matenda. Matenda amabwera okha, ndipo amakonda nthawi imene mlatho kulibe. Mvula isanayambe, khomo lililonse lisunge Thanzi, zinki, panado, bandeji, sopo ndi klorini, pamalo ouma, posafika ana. Muziona tsiku lothera ntchito. Mankhwala a malungo ndi makapisozi musasunge, amenewo amafuna kuyezedwa kaye kuchipatala. Ndipo wamkulu aliyense pakhomo adziwe pamene chitini chili. Mankhwala obisika sapulumutsa munthu."

Madzulo ake, atabwerako kuchipatala ndi Thoko, Obadiya anakhoma shelefu pamwamba pa khoma la pabalaza n'kuikapo chitinicho poonekera. Gideoni anagwirira mpando. Elizabeti anaima pakhomo, mwana ali kumbuyo akunyambita chala cha phala.

"Pano pali bwino, eti mayi a Thoko?" anafunsa Obadiya, maso ali pamsomali.

Elizabeti anayang'ana chitini, kenako anayang'ana njira ya kumanda.

"Ndikanakumverani tsiku lija, lero tikanaika angati?"