Kabokosi Kosadziwa Kuvina

Ndinafika ku Sekondi kutada. Mvula inali itangokata. Ku Lome ndinakhalako. Ku Abidjan, ku Tamale, konseko ndinapondako. Kuno ayi.

Kabokosi ndinakakumbatira pachifuwa. Nditatsika minibasi ndinafunsa mayi wina wokazinga nsomba pambali pa msewu.

"Mayi, kwa Egya Kwegyir n'kuti?"

"Wa nyimbo uja? Kwerani mtunda. Nyumba yosanja yamatabwa. Mukaimva musanaione."

Sananame.

Egya Kwegyir anali kalaliki wa padoko, wopuma pantchito. Pabalaza pake pankadziwika mpaka kwathu ku Accra. Anthu okonda kukhala pansi n'kumvera nyimbo ankayenda ulendo kudzamva makina ake. Chipangizo cha munthu chikakhala pashelefu yake, munthuyo ntchito sasowa. Madokotala ndi maloya a ku Takoradi amangoti, tipangireni ngati cha Egya. Ine ndinkafuna malo pashelefu imeneyo. Akandikana, basi. Ndibwerera pa kauntala ya mlamu wanga, kusintha magalasi a mafoni, iye akundiyang'ana m'khosi.

Kabokosi kanga timakatcha puliampu. Kamakhala pakati. Kamalandira mawu kuchokera ku choimbira mbale za nyimbo, n'kuwakonza, n'kuwapereka kwa ampulifaya yaikulu yokankha masipika. Kanga ndi ka mavalavu, timababu tagalasi toyaka mofiira. Ndinakapanga ndekha, m'kachipinda kanga, ndikukachuna ndi khutu pa mbale imodzi yomwe ndimaikonda: gitala ndi mawu a munthu mmodzi. Ndicho chinthu choyamba m'moyo mwanga chomwe ndinayamba n'kumaliza.

Masitepe anali amatabwa. Lililonse linkalira mwa mtundu wake. Pamwamba panaima mdala wamfupi, nsalu paphewa, magalasi pamphuno.

"Ndiwe Lantei? Pa foni umamveka wamtali."

"Ndi ulendo, Egya. Wandifupikitsa."

"Lowa. Aba! Mnyamata wa mababu uja wafika."

Maame Aba, akazi awo, anatuluka akupukuta manja. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Anthu a ku Accra inu. Mumafika kutada dala, kuti mupeze chapsa kale."

"Pepani, Maame. Msewu."

"Msewu ndi womwewo tsiku lililonse. Samba m'manja."

Choyamba kenke, nsima yathu yowawasa ija, ndi nsomba ndi tsabola. Ndinadya mofulumira, maso ali kushelefu. Masipika awiri aatali ngati zitseko. Mbale zodzaza khoma lonse. Pakati, kapuliampu kakuda, kamakono, kopanda valavu ndi imodzi yomwe. Ndinakaona ngati mdani.

Patebulo panali anthu ena awiri. Aphunzitsi a Bentsil, mnzawo wa Egya kuyambira ali ana, owonda, ndodo pakati pa miyendo. Ndi Ewurabena, mwana wamkazi wa Egya, namwino, yunifolomu asanavule n'komwe.

Titatha kudya ndinazula kakudako. Ndinalumikiza kanga. Ndinayatsa. Mavalavu anayamba kufiira pang'onopang'ono.

"Ika nyimbo," anatero a Bentsil.

"Tidikire pang'ono, aphunzitsi. Atenthe kaye."

"Atenthe? Ndi simbi yamakala?"

"Mababu ake osawala n'komwe," Maame anawonjezera. "Ngakhale kupisira ulusi mu singano sungathe."

Ndinaseka nawo. Ndinatulutsa mbale yanga m'chikwama. Egya anakweza dzanja.

"Ibwezere. Lero ndi Lachisanu, ndipo Lachisanu pano lili ndi lamulo. Aliyense amasankha nyimbo imodzi. Timayambira wamkulu, kutsika. Mlendo potsiriza. Nyimbo ya mnzako ikamalira, makinawo ndi ake. Sukhudza, ngakhale ikupweteke mano."

"Koma Egya, poyesa chipangizo ngati ichi pamafunika..."

"Lamulo ndi lakale kuposa iwe. Bentsil, yamba. Ndiwe unabadwa madzi a m'nyanja asanathiridwe mchere."

A Bentsil anasankha bandi ya malipenga, ya pamaliro. Mtima unakhala pansi. Malipenga ndi mavalavu amagwirizana. Nyimbo inatuluka yosalala, yonenepa, yopanda kaphokoso kobaya khutu kaja. Ndinayang'ana Egya. Nkhope yawo sinanene kanthu.

Itatha, a Bentsil anagogoda pansi ndi ndodo.

"Mwana wanga, lipenga limayenera kuluma. Ili likunyambita."

"Ndiko kukoma kwake, aphunzitsi."

"Pamaliro sitipitira kukoma. Nanga ng'oma yaikulu ija? Ikumveka ngati yavala juzi."

Ng'omayo inalidi yofewa pang'ono. Pang'ono chabe.

Kenako Egya. Anasolola mbale yakale ya hailaifu, nyimbo zathu za magitala, chikuto chake chodyeka m'makona. Anaipukuta ndi nsalu yapaphewa. Anatsitsa singano.

Magitala awiri. Botolo logogodedwa ndi msomali. Mawu a mwamuna wotopa.

Eee. Ndicho ndinadzera. Chala chinkamveka chikutsetsereka pa waya. Woimbayo akapuma, mpweya wake unkafika mpaka patebulo. Egya anavula magalasi. Anatseka maso. Maame anasiya kusonkhanitsa makapu.

"Woimbayu wakhala pampando uwo," Egya ananong'ona. "Bentsil, ukumuona? Wakhala apo."

"Ndikumuona. Ndipo sanasambe."

Ndinaluma mlomo kuti ndisamwetulire. M'mutu ndinali nditayamba kale kusankha dzina la shopu.

Maame anabweretsa sidi. Kwaya ya amayi a kutchalitchi kwawo, yojambulidwa pa chikondwerero cha zokolola. Anakhala mowongoka, manja pamaondo. Limba linayamba. Amayi analowa onse pamodzi, chikhamu.

Ndinamva vuto iwo asanalimve. Mawu ambiri chonchija kabokosi kanga kanawasungunula. Anakhala chinthu chimodzi, chofunda, chokoma, chopanda nkhope. Limba pansi linkangofufuma.

Maame anapendeketsa mutu. Anadikira vesi yachiwiri.

"Ine ndili kuti?"

"Maame?"

"Ndimaimba m'menemo. Mzere wachiwiri, kumanzere. Pa kakuda kaja ndimadzimva. Ndimamvanso Esi Tawiah akuphonya pamwamba paja. Lero tonse taphikidwa mumphika umodzi."

"Ndi kajambulidwe kake, Maame. Anaika maikolofoni patali."

"Kajambulidwe kasintha kuchokera sabata yatha?"

Ewurabena anaseka m'kapu.

"Nthawi yanga," anatero Ewurabena. Analumikiza foni. "Tsiku lonse ndamva anthu akubuula. Ndikufuna chondigwedeza."

Nyimbo za masiku ano. Zovina. Besi yopangidwa ndi makina, yogunda pachifuwa. Imayenera kumenya n'kusiya, kumenya n'kusiya. Pa kabokosi kanga inkamenya n'kutsalira. Isanachoke, inzake yafika kale. Zinkapondana.

"Achimwene, besi yanuyi yadya kenke wambiri," anatero. "Ikulephera kudzuka."

Anakweza mawu a nyimboyo. Nyimbo inali yake, makina anali ake. Anakwezanso. Anaimirira n'kuyamba kuvina pakati pa balaza. Maame anataya mkwiyo wawo, n'kumanga nsalu m'chiuno. Ngakhale a Bentsil anadzuka, ndodo m'mwamba, mawondo akunjenjemera.

Pansi pa nyumbayo ndi matabwa. Matabwa akale. Anayamba kudumpha. Shelefu inadumpha nawo.

Valavu ili ndi khutu. Ukaigogoda imalira, ndipo kulira kwake kumatulukira m'masipika. Kwanga pansi ndi simenti, ndipo kwanga savina munthu. Sindinaganizepo. Phazi lililonse la Maame linayamba kumveka m'masipika, ngo, ngo, ngati belu losweka. Kenako kulira kwina kunayamba pansipansi, kukukwera. Masipika akugwedeza mavalavu, mavalavu akudyetsa masipika. Huuuu.

Sindinaganize. Ndinalumpha. Ndinapotokola chotsitsira mawu mpaka pansi.

Zii.

Maame anaima mwendo uli m'mwamba. A Bentsil anatsitsa ndodo. Ewurabena anandiyang'ana ngati ndamulanda chakudya pakamwa.

"Wakhudza," anatero Egya.

"Masipika akanaphulika, Egya."

"Masipika ndi anga. Wakhudza nyimbo ya mwana wanga."

Apa munthu wanzeru akanapepesa. Ine ulendo unali m'mafupa, ndipo dzina la shopu linkasungunuka ndikuona.

"Koma tinene zoona, Egya. Izi si nyimbo zoyesera chipangizo chotere. Phokoso la pa foni. Kwaya yojambulidwa mwachisawawa. Kabokosi aka n'kopangira nyimbo zenizeni."

"Zenizeni," anatero Maame, akumasula nsalu m'chiuno.

"Sindikutanthauza kuti..."

"Ayi, tamva. Ewurabena, tiye. Tisiyire azibambo nyimbo zenizeni. Ife tikaimbire mapoto."

Ewurabena anazula foni yake. Pakhomo anatembenuka.

"Kabokosi kanu kamasankha alendo, achimwene. Kakanakhala munthu, bwenzi kakudya kokha pa Khirisimasi."

A Bentsil anafunafuna chipewa chawo. "Ine mankhwala akundidikira. Kwegyir, Lachisanu likubwerali ndikufuna lipenga langa likhale ndi mano." Anatsika masitepe pang'onopang'ono. Tinawamva mpaka pansi.

Tinatsala awiri. Egya anakhala pansi.

"Nthawi yako. Mlendo potsiriza."

"Zilibenso ntchito, Egya."

"Lamulo ndi lamulo. Ika."

Ndinaika mbale yanga. Gitala imodzi, mawu amodzi. Sinamvekepo bwino chonchija, ngakhale kwanga. Masipika aja anaitsegula yonse. Inadzaza balaza lopanda anthu. Kukhitchini mapoto ankagundana mwadala.

Itatha, Egya anapumira m'mwamba.

"Ndakhala ndi makina ambiri pashelefu iyi. Gitala ngati imeneyi sindinaimvepo. Dzanja uli nalo."

"Ndiye kakhale, Egya."

"Ayi."

"Mavalavu kulira n'kosavuta. Mphira kumiyendo, shelefu ya pakhoma. Mawa lomwe ndikonza."

"Nanga besi? Nanga mkazi wanga, umubweza mumzere wake?"

"Ndingathe kukalimbitsa. Koma ndikakalimbitsa, gitala ija ichoka pampando. Kukoma kwake kukuchokera pomwepo, pa kufewako."

"Ndikudziwa."

"Ndiye tiike tiwiri. Kanga ka magitala ndi mawu. Kakudako ka zovina ndi makwaya. Ndiika kosinthira."

Egya anaseka, koma osati mokondwa.

"Ndiye Lachisanu lililonse ndizidzuka n'kunena kuti, Aba, nyimbo yako ndi ya bokosi lachiwiri? Mnyamata, sunakwatire eti?"

"Ayi."

"Zikuoneka. Balaza ndili nalo limodzi. Anthu amabwera kuno poganiza kuti akudzamva masipika. Amabwereranso chifukwa aliyense amapeza nyimbo yake ili moyo. Kabokosi kako kamakonda ine ndekha. Zikomo. Koma ine ndekha sindidzaza mipando iyi."

"Madokotala aja amamvera hailaifu yakale. Akangomva gitala ija..."

"Madokotala ali ndi akazi. Ali ndi ana. Ali ndi maliro."

Ndinayang'ana mavalavu. Ankayaka mwaulemu, ngati palibe chachitika. Ndinafuna kuwaponya pawindo. Ndinafunanso kuwafunditsa.

"Zimitsa," anatero Egya. "Ukaganiza zokaphunzitsa kuvina, ubwere nako. Ukafuna kakhale momwemo, kasunge. N'kabwino. Koma osati pano."

Ndinazimitsa. Valavu yotentha suilongedza, imasweka. Ndinayenera kukhala pomwepo, manja pamaondo, kudikira kuti azizire, Egya akubwezeretsa mawaya pa kakuda kaja mmodzimmodzi. Ataona kuti katheka anaitana kukhitchini.

"Ewurabena! Nyimbo yako sinathe."

Anabwera. Sanandiyang'ane. Besi inamenya n'kusiya, kumenya n'kusiya, youma ngati thabwa. Ine ndinkakulunga mavalavu anga m'masokosi.

Anandiyalira pakhonde lam'mwamba. Udzudzu wa ku Sekondi sudziwa mlendo.

Kunja kusanayere bwino ndinali nditavala nsapato. Ndinkafuna kuzemba. Masitepe anandiulula. Maame anali pansi, akusesa pabwalo.

"Ukuthawa osatsanzika? Ndiye ulemu wa ku Accra umenewo?"

"Pepani za dzulo, Maame. Pakamwa panathamanga."

"Panathamangadi." Anaima, tsache m'manja. "Nyimbo ya Egya ija inalira bwino. Sindinawaonepo atavula magalasi chifukwa cha nyimbo. Koma ine ndikaimba ndimafuna ndizimveka. Wamva?"

"Ndamva."

"Ubweranso?"

"Sindikudziwa, Maame."

"Ukabwera, ufike dzuwa lilipo."

Ndinatsika mtunda. Doko linali mu nkhungu. Pasiteji minibasi ya ku Accra inali itatsala pang'ono kudzaza. Kondakitala anagwira kabokosi.

"Katundu kumbuyo, bwana."

"Aka ayi. Ndi magalasi."

"Ndiye mukanyamule pamiyendo mpaka ku Accra. Mawondo ndi anu."

Anandipanikiza pakati pa mayi wa dengu la nkhanu ndi msilikali wogona. Foni inanjenjemera m'thumba. Mlamu. Sindinayankhe. Inanjenjemeranso.

Dalaivala analiza injini, n'kutsegula wailesi mpaka kumapeto. Sipika yake inali yong'ambika, yomangidwa ndi waya pansi pa mpando wanga. Inkapapaza ngati lata pamphepo. Mayi wa nkhanu anayamba kugwedeza mapewa. Msilikali, maso ali chitsekere, ankaponda ndi phazi.

"Adalaivala, tsitsaniko pang'ono!" ndinakuwa.

Palibe anandimva. Tinanyamuka.