Nkhwani wa ku Taber

"Aikidwe komweko, pafupi ndi zitsime zawozo," anatero Agnes uku akusita yunifolomu yake ya unamwino. "Ine ndege sindikwera."

William, mkulu wake wa malemu, anangopukusa mutu. Linali tsiku lachinayi chimwalirireni Lameck, yemwe mtima wake unaima ali pa ntchito ku Alberta, chigawo cha mafuta chakumadzulo kwa Canada. Thupi linkadikira m'chipatala kumeneko, mkazi wake Agnes ali ku Scarborough kuno, kutali chakum'mawa kwa dzikolo, mtima uli gwa.

Kunena zoona, Agnes anali ndi chifukwa. Chiyambire 1970 mwamunayo ankangoyenda ndi makina obowola zitsime za mafuta, lero tauni iyi, mawa ina, pakhomo n'kumafika pa Khirisimasi ngati mlendo. Tsiku lina atamupempha kuti asamukire konko, Agnes anayankha mwachipongwe kuti, "Mukadzapeza pomera nkhwani m'chisanu chanucho, mudzandiitane." Mawu amenewa mwini wake anawaiwala kalekale.

Chakumasana wapositi anabweretsa phukusi. Zolemba zake zinali za Lameck, ndipo chidindo chinkaonetsa kuti analitumiza kutatsala tsiku limodzi kuti amwalire. William anatulutsamo mapu a Alberta, othaitha m'mapindiro, nawayala patebulo.

"Mlamu, bwerani muone. Walembalemba pa tauni iliyonse."

"Werengani, ndikumva."

"Leduc: nthanga za maungu zinamera, chisanu chinapha. Drayton Valley: matope okhaokha. Swan Hills: nkhalango, kuzizira, osayerekeza n'komwe. Fort McMurray: mafuta ali mumchenga, udzudzu kuposa wa ku Nsanje. Zinatulutsa masamba anayi, nyama yam'tchire inadya."

Simbi inali itaima m'manja mwa Agnes.

"Kum'mwera kuno wazunguliza katatu," anapitiriza William. "Taber: zitsime n'zochepa koma kuli dzuwa, anthu amalima chimanga. Chipatala chilipo, ndakachiona. Agnes, pomera paja ndapapeza."

Pansi pa phukusilo panali kathumba kapepala. Agnes atakamasula, fungo la mfutso wa nkhwani linadzaza m'nyumba. Manyazi ndi chisoni zinamugwira nthawi imodzi: zaka zisanu ndi chimodzi munthu akudzala nthanga kuseri kwa nyumba za eni, Agnes akuganiza kuti anamutaya.

Anazimitsa simbi.

"Mlamu, tafunsani ku bwalo la ndege. Mawa tinyamuke."

Kenaka anatapa mfutsowo pang'ono n'kuuviika m'madzi, wotsalawo anaumanga bwinobwino.