Chipewa Choyera cha Walpurga

M'tauni yonse ya Ebertal munalibe munthu wosadziwa bambo wa ana awiri a Walpurga. Mphuno zawo zinali za Bambo Kilian Rosshirt, wansembe wa parishiyo, koma mayiyo anthu ankangomutchula kuti "wophika wa abambo", uku akutsinana. Akazi okwatiwa ankavala chipewa cha nsalu yoyera. Walpurga ankayenda mutu uli pamtunda, ndipo m'tchalitchi ankabisala kuseri kwa chipilala. Zinkamuwawa, ngakhale sankaonetsa.

Chiphunzitso chatsopano chitafika kuchokera ku Wittenberg, Kilian anachilandira ndi manja awiri. Paguwa ankachita kubangula: chipulumutso sichigulidwa, Mawu a Mulungu amveke m'Chijeremani, ukwati si tchimo ngakhale kwa wansembe. Koma akafika kunyumba, kulimba mtima konseko kunkatsalira pakhomo.

"Tingodalitsa ukwatiwu muno, mwakachetechete," anatero tsiku lina akudya kabichi. "Abishopu akamva andichotsa pano, mwinanso kunditsekera."

"Zakachetechete tinachita kale, a Kilian. Umboni wake si uwo ukusewera panjawo? Ine ndikufuna pakhomo la tchalitchi, dzuwa likuswa mtengo. Apo ayi, kabichiyu muziphika nokha."

Kilian anayang'ana anawo pazenera nthawi yaitali, kenako anavomera.

Nkhani sinachedwe kufika kuchitsime. Apollonia, mkazi wa wophika buledi, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anaseka mpaka kutaya madzi.

"Iwe Walpurga, chipewacho adzakuveka ndani? Mphaka wako?"

Funsolo linamulasa, chifukwa mwambo unali wakuti mkwatibwi amavekedwa chipewa ndi mkazi wokwatiwa. Ndipo ndi mkazi uti akanadetsa manja ake pa wophika wa abambo?

Lamlungu anthu anadzaza bwalo, ambiri kudzangoonerera. Mbusa wa mudzi woyandikana anagwiranitsa manja Kilian ndi Walpurga pakhomo lalikulu la tchalitchi. Mawu a Kilian anatuluka amphumphu.

"Uyu ndi mkazi wanga. Awa ndi ana anga. Amene akufuna kukauza abishopu, msewu ndi uwo."

Walpurga anatulutsa chipewa chimene anasoka kalekale, ali ndi pakati pa mwana woyamba, nachitambasulira kwa amayi okwatiwa amene anali pabwalopo. Palibe amene anachilandira. Wina anayang'ana nsapato zake, wina anayamba kupukuta mwana mamina amene panalibe.

Walpurga sanalire ayi. Anakweza manja n'kudziveka yekha, mutu uli chilili. Koma chipewacho chinakhala chopendekera, chitaphimba khutu limodzi.

"Ha! Zimenezo ndiye ayi!"

Anali Apollonia, akukankha anzake ndi zigongono.

"Zaka zonsezi kusirira, kavalidwe kake osakadziwa? Ukufuna alendo akanene kuti akazi a ku Ebertal sitidziwa kuveka munthu? Tawerama kuno."

Anachivula, n'kumusalaza tsitsi ndi manja onunkhira ufa, n'kumuvekanso bwinobwino. Chingwe anamanga mfundo ziwiri pansi pa chibwano. Atabwerera m'mbuyo kuti aone ntchito yake, anapezeka kuti m'maso mwake mwalengeza misozi.

"Tiyeni lowani, Mayi Rosshirt," anatero mokalipa. "Mukutitsekera njira."

Walpurga anagwira ana ake, wina dzanja ili wina ili, nalowa. Chipilala chija anachidutsa osachicheukira.