Zotupa Zinayi za Amake Brenda

Ku Ndirande m'chaka cha 1996, kuonda unali mlandu. Munthu ukangotsika thupi, chitenje n'kuyamba kukuzungulira kawiri, anthu ankakuzenga pampopi wa madzi, kukuika m'manda pasiteji ya minibasi, mwini wakewe uli moyo ukugula tomato. Ndiye tangoganizani za Petronela, amake Brenda, mayi wogulitsa kaunjika pamsika, wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Kale ankadzaza malo a anthu awiri m'minibasi mpaka kondakitala kung'ung'udza, koma tsopano ankadutsa pamsika ali njo, wowongoka ngati bulugamu. Kuwonjezera apo, amuna ake a Laurenti anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, nawonso ataonda. Kwa anthu, samu yake inali yosavuta: kaliwondewonde walowa m'nyumba imeneyo.

Zoona zake zinali zina. A Laurenti anapita ndi matenda a shuga. Maliro atatha, Petronela anayamba kumva chizungulire, ndipo adokotala atamuyeza magazi anavula magalasi n'kunena mosapsatira kuti, “Mayi, mukapitiriza kunenepa chonchi, amuna anu mukawapeza asanazolowere n'komwe kumene apitako.” Petronela anali ndi ana asanu, wotsiriza ali sitandade folo. Anachita mantha zedi. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, tsiku lomwelo analunjika kwa mlongo wake Hawkins.

Hawkins ankamenya nkhonya ali mnyamata, ndipo kuseri kwa nyumba yake kunali kachisakasa ka malata komwe amuna ankanyamulirako zitsulo. Zitsulo zake zinali ekiselo ya galimoto yakufa ndi zitini za penti zodzaza simenti. Atamva chomwe mlongo wake wadzera, anaseka mpaka kukhosomola.

“Achemwali, kuno n'kwa amuna. Mukufuna mundithyokere msana pakhomo pano?”

“Iwe, msana womwewu ndi umene unakubereka uli ndi mamina. Tandisonyeza ponyamulira.”

Ali mkati mokangana, Petronela anaona bambo wina atavula malaya, pamimba pake patandandalika timinofu tolimba ngati mabanzi ogundana m'thireyi. Anafunsa kuti zimenezo zimabwera bwanji.

“Izo ndiye iwalani,” anatero Hawkins. “Thupi mutsika, inde, bipi itsika. Koma mimba yobereka ana asanu, pamsinkhu wanuwo? Olo mutani, sizingatheke.”

Kulakwa kwa Hawkins kunali kumeneko. Petronela anabwera kudzangofuna moyo, koma anachoka akufunanso mabanzi.

M'belo lina la kaunjika anapezamo thirakisuti yofiirira. Lamulo loletsa akazi kuvala mathalauzi linali litachotsedwa, komabe iye ankaikulunga ndi chitenje pamwamba, poti lamulo limasintha msanga kuposa maso a anthu. Tambala akalira, iye ali kale panjira yokwera phiri. Potsika ankadzera kwa Hawkins amuna aja asanafike, n'kusenza ekiselo paphewa, kunjuta, kudzuka, kunjuta, kudzuka. Kunyumba ankakoletsa mapazi kunsi kwa bedi, kugona chagada n'kumadzuka mpaka thukuta kamukamu. Tiyi wa masupuni anayi a shuga anamusiya, mandasi anawatsanzika, mitanda ya nsima inachoka pa isanu kufika pa iwiri, nyemba ndi usipa ndi chisoso n'kumachuluka m'mbale. Mwezi woyamba, kuyetsemula kokha kunkamuliza misozi.

Chaka chinatha pamimba popanda chooneka, ndipo panali masiku amene ankatukwana Hawkins chamumtima kuti mwina ananena zoona. Koma chizungulire chinali chitatha, belo la kaunjika ankalitsitsa yekha pangolo, ndiye anapitiriza. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. M'mawa wina akusamba anamva timizere pansi pa nthiti, ndipo pomatha chaka chachiwiri timabanzi tinayi tinali titakhala bwinobwino. Tinayi tokha. Kumunsi kwa mchombo khungu linakhalabe lamakwinya, lodzaza mizere ya uchembere, ndipo kumeneko sankalimbana nako, ankati ndi kwawo kwa ana ake.

Vuto linali loti chuma chimenechi chinalibe mboni. Mimba ya namfedwa si chikwangwani, ndipo mlongo wako wamwamuna sungamuvulire bulauzi kuti aone kuti ananama. Anthu ankangoona masaya akuphwa ndi makosi a madiresi akukhwepa. Akamuona akutuluka m'bandakucha ankati akupita kwa sing'anga. Akawauza kuti amanyamula zitsulo ankagwedeza mutu mwachisoni, poti aliyense wodwala masiku amenewo anali ndi nkhani yake yobisalira.

Petronela sakanasamala za pakamwa pa anthu pakanapanda Brenda, mwana wake woyamba. Brenda anali pa ubwenzi ndi Yona, mnyamata waulemu wa ku Soche, ndipo akwawo kwa Yona anali atafunsira kale mbeta. Koma tsiku la chinkhoswe linasinthidwa kamodzi, kawiri, katatu. Poyamba akuti amalume adwala, kenako akuti kumudzi kwagwa zovuta, kachitatu sanavutike n'kupeka chifukwa. Amene anaphulitsa chithupsa anali Mwantumu, mnzake wa benchi loyandikana pamsika.

“Amake Brenda, ine sinditha kubisa. Amake Yona, a Doreen aja, akuti mwana wawo sangakwatire m'nyumba ya matenda. Akuti bambo anapita, mayi ali panjira, nanga mwanayo angamudziwe ndani?”

Petronela anapsa mtima kwambiri. Madzulo ake anapeza Brenda ali kuchipinda, maso ali psuu, chakudya chosakhudza. Anali atamva kale. Kwa nthawi yoyamba mayiyo anadziona wolakwa: pofuna kukhalira moyo ana ake, anali atamuphera mwana banja.

Lamulungu lotsatira masana, kumwamba kutachita mdima wa mvula, kunamveka odi. Anali a Doreen, mayi wathupi lawo, woyenda mopepesa mawondo, ali ndi amayi atatu a kutchalitchi kwawo, onse m'mabulauzi oyera. Ananyamula dengu la nthochi, botolo la sobo ndi ufa wa phala. Anabwera kudzazonda matenda. Paja wozonda matenda sabwezedwa pakhomo, ndipo palibe njira ina yabwino yoonera munthu m'maso, m'khosi ndi m'zikhadabo popanda wokufunsa chomwe ukufuna.

Moni anapereka ndi nsonga za zala. Tiyi anakana, akuti angomwa kumene. Mvula itayamba kuwomba malata anayimba nyimbo ziwiri zachisoni, kenako a Doreen anagwada movutikira n'kuyamba pemphero. Anapempherera ana amene atsale okha. Anapempherera kuti ululu ukhale wochepa. Atafika popempha kuti mlongo wathuyu akonzeredwe malo, Petronela anatsekula diso limodzi. Ameni atangomveka, anatuma ana kukhitchini, anatseka chitseko, n'kuima pakati pa balaza.

“Amayi, mwayenda ulendo wautali kudzaona. Onani bwinobwino.”

Anavula bulauzi, anatsitsa chitenje pang'ono, n'kukunga mimba. Zaka ziwiri za thukuta zinaonekera poyera, ndipo mtima wake unadzaza kunyada. Anadikira kuti wina aombe m'manja.

“Mayo ine!” anakuwa mmodzi wa amayi aja, atagwira kumutu. “Zotupa!”

“Zinayi! Taonani mmene zandandalikira!”

“Izi si za m'chipatala izi, anachita kukuponyerani.”

A Doreen anasendera pafupi, nkhope ili ndi chisoni chenicheni. “Pepani, mayi. Madokotala akuti bwanji? Sangang'ambe n'kuchotsa?”

Petronela anaphulika kuseka. Koma kuseka kunalimbitsa minofu ija n'kumaigwedeza, ndipo amayiwo anabwerera m'mbuyo akukuwa kuti zikuyenda. Iye anagwira dzanja la a Doreen n'kulikanikiza pamimba pake.

“Dinani. Menyani kumene ngati mukufuna. Iyi ndi minofu, mayi, ya zitsulo. Ngati ya amuna ankhonya.”

“Zauma gwa ngati thabwa,” a Doreen anauza anzawo chapansipansi, akupukuta dzanja pachitenje. “Zafika poipa.”

Kuseka kunamuthera Petronela. Amayiwa chibadwire anali asanaonepo zoterezi pamimba ya mkazi, ndipo chimene iye ankayesa umboni chinasanduka chidindo cha imfa yake. Kuseri kwa katani anamva Brenda akusisima. Anavala bulauzi yake mwakachetechete.

Mvula itakata, alendo anatsanzika. Mlendo ndi mlendo, ngakhale amene wakuika m'manda uli moyo amaperekezedwa, choncho Petronela anatsogola, Brenda akutsatira patali. Njira yopita kusiteji inkawoloka mtsinje wa Nasolo pathabwa. Atafika anapeza thabwalo kulibe. Madzi ochokera kuphiri anali atalikokolola, ndipo ankathamanga ofiira, ofika m'ntchafu, atanyamula mapepala ndi zitsononkho. Kumbali zonse ziwiri kunali khamu la anthu, ena akuwoloka atagwirana manja, ambiri akungoonerera, poti ku Ndirande zoonerera sizisowa anthu.

Amayi atatu aja anakwinya masiketi, anagwirana, n'kuwoloka akuitana Yesu. A Doreen anaviika phazi limodzi, bondo linagwedezeka, ndipo anabwerera n'kukhala pansi m'matope. Kuzungulira kumlatho kunali kutali, ndipo kuphiri kunkagundanso mabingu. Amuna amene anali pafupi anayang'ana thupi la mayiwo, n'kuyang'ana kumbali.

Petronela anamasula chitenje n'kumupatsa Brenda. Anthu ataona thirakisuti anayamba kunong'onezana. Iye anapinda miyendo ya thalauziyo, anafika patsogolo pa a Doreen, n'kunjuta.

“Kwerani.”

“Inu? Mayi, mukufuna tikafere limodzi?”

“Ine ndiye mwandikonzera kale malo. Kwerani, mvula ikubwera.”

Bingu linagundanso, ndipo a Doreen anakwera, atatseka maso. Petronela anakoka mpweya, anakunga mimba monga ankachitira pansi pa ekiselo, n'kudzuka kamodzi kokha osadzandira. Khamu lija linati “Haa!” Analowa m'madzi. Madzi anamumenya m'miyendo, miyala inkagubuduzika kunsi kwa mapazi, koma thunthu lake linali nji, osapendama. Mayi wina kutsidya anayamba kululutira. Bambo wina anakuwa kuti, “Si uja ankati wadwala uja? Ngati kudwala kwake n'kumeneku, nanenso ndikufuna!”

Pakati penipeni pa mtsinje, pamene madzi ankakokoma kwambiri, Petronela anaima.

“Bwanjinso?” analira a Doreen, atamukoleka m'khosi. “Mwatopa? Ambuye, tafa!”

“Sindinatope. Ndikhoza kuima pano mpaka mawa. Ndili ndi funso.”

“Funsani kutsidya!”

“Pompano. Munthu wodwala mumamudziwa, inu? Ndine wodwala ine?”

“Ayi! Ayi, simukudwala, ndaona ndekha!”

“Chabwino. Nanga ndikanakhala kuti ndikudwaladi, Brenda akanalakwa chiyani?”

Petronela anamva manja aja akufewa m'khosi mwake, ndi mpweya wa mayiwo ukunjenjemera pakhutu pake. Madzi anapitiriza kuwomba.

“Palibe,” anatero a Doreen potsiriza, ndi mawu aang'ono. “Ndinachita mantha, mayi. Ana a mchemwali wanga awiri ndaika chaka chathachi. Yona ndi mmodzi yekha.”

Mkwiyo wa Petronela unatsika pang'ono, poti mantha a mayi anawadziwa bwino. Koma sanasunthe.

“Ndamva, pepani. Tsono chinkhoswe chili liti?”

“Loweruka la pambuyo pa Pasaka.”

“Kwezani mawu, madziwa akusokosa.”

“Loweruka la pambuyo pa Pasaka, asewere! Tiyeni!”

Mawu akuti asewere anamveka kumbali zonse ziwiri za Nasolo, pamaso pa mboni zoposa zana, ndipo nthungululu zinabuka ngati ukwati wayamba kale. Petronela anamaliza kuwoloka, anakwera kamtunda koterera, n'kuwatsitsa a Doreen pouma, osapumira m'mwamba n'komwe. Mayiwo anaima kanthawi akumuyang'ana, kenako anamugwira dzanja ndi manja awo onse awiri, dzanja lonse, osati nsonga za zala.

Petronela anatembenuka n'kulowanso m'madzi kubwerera kwawo. Sanafike n'kutsidya komwe. Brenda anali atalumphira kale mumtsinje, nsapato za kutchalitchi zili kuphazi, ndipo anakumana ndi amake pakati pamadzi n'kuwakumbatira m'chiuno, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.