Kangaude wa Kumanda Kwathu

"Bwereza," ndinatero, ndikuika pansi malaya a mdzukulu wanga amene ndinkapinda. "Manda athu atani?"

Mathilda, mwana wanga wophunzira uja, anandisonyezanso foni. Pachithunzi panali kangaude waubweya, wamkulu ngati chikhatho, miyendo yofiirira.

"Mtundu uwu sunkadziwika, Amayi. Woyamba kuulemba m'mabuku ndine. Nkhalango zonse za m'tsinde mwa phiri zinatha ndi makala, kwatsala mitengo ya kumanda kwathu kokha. Amakhala m'maenje pansi pa mitengo imeneyo. Adzukulu akakumba manda, amaphwanya maenjewo ndi mazira omwe."

"Ndiye?"

"Tikupempha kuti pasakumbidwenso. Malume akuti inu ndinu wamkulu pa mbumba. Mukavomera, onse avomera."

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, koma ndagulitsa nthochi pamsika wa ku Thyolo mpaka imvi, ndipo munthu wofuna chinthu chaulere ndimamudziwira patali. Kuno ku Scarborough, kutsidya kwa nyanja, ndinabwera kudzalera mdzukulu, osati kudzakhala. Malo anga kumanda kwathu ndinasonyeza kale achimwene: pakati pa mayi anga ndi Yotamu, mwana wanga woyamba, amene anapita asanamere mano.

"Ine ndidzagona kuti?"

"Tidzakambirana, Amayi."

"Tikukambirana panopa. Wagula kale malo kumanda a kuno, eti?"

Anayang'ana pawindo. "Ndinangofunsako. Alipo abwino, basi imafika pageti penipeni. Tizidzabwera Lamlungu lililonse."

"Basi imafika," ndinatero. "Zikomo kwambiri."

Sindinamuyankhule mpaka Loweruka, pamene ndinamuuza kuti andiperekeze ndikamuone kangaudeyo. Katundu sugula usanamuone.

Tinakwera basi ndi sitima yapansi, mphepo ikuluma makutu, mpaka kuyunivesite kumene amagwira ntchito. M'chipinda chake munali kotentha, fungo la dothi lonyowa: linali fungo la kwathu mvula ikangodula. Abwana ake, mzungu wamtali dzina lake Howard, anandipatsa moni ndi manja awiri. Wina anawaphunzitsa.

"Uwauze," ndinatero kwa Mathilda, "manda amodzi okha. Anga. Enawo atseke."

"Amayi, pamene mukufunapo ndi pamene pali maenje ambiri. Ndiponso inu mukalowa, azakhali adzati nanga ife."

"Ndiye akumbe mofupikitsa."

"Sizisintha kanthu."

"Iwe, pamsika wina akatsika, winanso amatsika. Iwe watsika pati?"

Mathilda anangochotsa nsalu pa bokosi lagalasi.

Kangaude uja anali momwemo, wamoyo. Ndinkayembekeza chilombo, koma ndinaona kanthu kotopa, kali pakona, kakukumba. Dothi lake linali logula m'sitolo, lakuda ngati khofi. Kankalikokera kumbuyo ndi miyendo, n'kufika pagalasi la pansi, n'kuyambiranso pambali.

"Wakhala kuno kuyambira liti?"

"Chaka chomwe munabwera inu."

Ndinakhala pampando osauzidwa. Ndinamuyang'ana kangaudeyo nthawi yaitali, mpaka a Howard anayamba kutsokomola.

"Chabwino," ndinatero. "Mtengo wanga ndi uwu. Malo angawo ndakusiyira. Koma uyu umubweze. Ukamuike pakati pa mayi ndi Yotamu, akakumbe yekha. Pa ife awiri, mmodzi apite kwawo."

Mathilda anamasulira. A Howard anayankha motalika, akupukusa mutu, ndipo mwana wanga anachedwa kutembenuka.

"Sizingatheke, Amayi. Amene wakhala m'labu saloledwa kubwerera. Angakapatsire anzake matenda a kuno."

"Ngakhale nditalipira ndege ndekha?"

"Ngakhale."

M'chikwama changa foni inayamba kulira. Ndinadziwa kuti ndi achimwene, akufuna yankho loti akauze adzukulu. Mathilda anandiyang'ana, a Howard anandiyang'ana. Ine ndinagwira chikwamacho pamiyendo ndi manja onse, foni ikunjenjemera mkati, maso anga ali pabokosi. Kangaude uja anali atafikanso pagalasi, ndipo ankalikandabe.