Kanema Wosatseguka wa a Nowa

Tsiku lachitatu, Lidiya anafika pa shopu ya Evelyn mavenda a soya asanapachike n'komwe masikelo awo. Anakhala pa benchi pomwe anakhala dzulo ndi dzana, foni ya malemu bambo ake ili m'manja, ndipo sanafunse kanthu. Kusafunsako ndi kumene kunkamupweteka Evelyn.

Evelyn ankakonza makompyuta ndi kuika nyimbo m'mafoni pa Nsaru, ndipo sanazolowere kugonja pamaso pa kasitomala. Koma ntchito iyi inali itamuima pakhosi.

Bambo ake a Lidiya, a Nowa, anali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Kabudula. Kwawo ku Phalombe anachokako ali mnyamata atayambana ndi abale, ndipo za kumudzi sankazitchula ngakhale mwanthabwala. Matenda atawapanikiza, anadzijambula okha pa foni mwana wawo ali kumunda, n'kumuuza madzulo ake kuti amusiyira mawu a kwawo, adzamvere iwo atapita. Koma foniyo inathima ali pakati poyankhula, ndipo kanemayo sankatseguka. Tsopano kapitawo anali atanena kuti nyumba ikufunika Loweruka, mukulowa banja lina. Mayi ake a Lidiya anamwalira kale, ndipo dzina la mudzi woti apiteko linali mu kanemamo basi.

Evelyn anali atamufotokozera kuti mawu ndi zithunzi zonse zinalimo. Chimene chinasowa ndi ndandanda imene foni imalemba pomaliza penipeni, yosonyeza kuti chakuti chili pakuti. Anati zinali ngati belo lopanda tikiti: fodya alimo, koma palibe angalilandire. Pulogalamu yokonzera ndandandayo inalipo, koma inkadalira laibulale ina ya khodi, kutanthauza mulu wa malangizo olembera kompyuta, yodziwa kumasula mafayilo a makanema, yolembedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana amene anaisiya poyera kuti aliyense atenge ulere. Yopangiratu yoti n'kugwira pa kompyuta yake yokalambayo panalibe. Anakoka khodiyo pa intaneti ndi foni yake n'kuyamba kuimanga yekha.

Pamenepo ndi pamene panagona nkhani. Akalemba lamulo lomangira, mizere yoyera inkathamanga pa sikirini yakuda mpaka munthu kuyamba kukhulupirira, kenako kompyuta inkabwerera poyambira ngati sinachite kanthu. Evelyn anakayikira khodi, anakayikira magetsi othimathima, mpaka anakayikira satifiketi yake ya maphunziro yomwe.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mng'ono wanga," anatero Evelyn m'mawa umenewo, ngakhale kuti iye mwini kudekhako kunali kutamuthera.

Lidiya anangogwedeza mutu. Chingerezi chothamanga pa sikirinicho sankachimva, choncho maso ake anakakhazikika pa tinambala tating'ono ta m'kona, tokhato timene tinali phee. Anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, kompyuta yanuyi ndi yamwayi, eti? Ikadali mu 2009. Chaka chimenecho amayi anali moyo, ababanso ankapalasa njinga mpaka ku Msundwe."

Evelyn anayang'ana m'konamo, ndipo manyazi anamugwira. Padalembedwa kuti 1 Januwale 2009. Kabatire kosunga nthawi m'kati mwa kompyuta kanali katafa, ndiye magetsi akathima, makinawo ankadzuka ali m'chaka chimene anapangidwa. Pomanga laibulale, kompyuta imayerekeza madeti kuti idziwe chimene chamangidwa kale ndi chimene chatsala. Khodi yolembedwa chaka chino inkaoneka ngati yochokera kutsogolo, ndipo chilichonse chimene kompyutayo yangomanga kumene chinkaoneka chakalekale, choyenera kumangidwanso. Chenjezo lake linalipo ndithu, koma linkamira m'mizere masauzande ija.

"Masiku atatu ndikusaka mbuzi kuthengo, pomwe ili pakhonde," anatero Evelyn akuseka mwamanyazi. "Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Bwera kuno, undiuze lero ndi pa chani."

Lidiya sanachite kuganiza. Masiku ankawawerenga kuchokera tsiku la maliro.

Evelyn anakonza detilo n'kuyambitsanso. Ulendo uno mizere sinabwerere m'mbuyo. Inayenda pang'onopang'ono mpaka dzuwa kufika paliwombo, awiriwo akutafuna mtedza wokazinga, diso lili pa babu kuopa kuti magetsi angawachite chipongwe. Anthu obwera kudzaikitsa nyimbo anauzidwa kuti abwere mawa, ena anachoka akung'ung'udza. Laibulale itatha kumangika, Evelyn anamangirapo pulogalamu ija, n'kuipatsa kanema wina wabwinobwino wa mu foni yomweyo kuti ionerepo kalembedwe ka ndandanda. Patangopita mphindi zochepa, panatulukira fayilo yatsopano.

Anatembenuzira sikirini kwa Lidiya, iye n'kusendera pambali.

A Nowa anaoneka atatsamira khoma la dothi, ataonda, koma mawu awo anali omveka. Anatchula mudzi wa Namakhuwa, anatchula mtsinje wofunika kuwoloka ndi tchalitchi cha njerwa zootcha chimene chili pamphambano. Anati akafunse za Rabecca, mlongo wawo wobadwa nawo bere limodzi. Kenako anapukuta m'maso ndi chikhatho.

"Ukamupeza, mwana wanga, ukamuuze kuti ine..."

Chithunzi chinaima pomwepo, pakamwa pali potsegula.

Evelyn anamva chisoni ngati wolakwa ndi iye. Anafufuza fayiloyo mpaka kumapeto, koma kunalibe china. Anamuuza Lidiya mosabisa kuti zimene foni sinajambule palibe laibulale ingazibweze.

Lidiya anapempha kuti abwerezenso kanemayo. Anaonera kachiwiri, kachitatu, milomo yake ikutchula mayina aja chapansipansi mpaka atakhazikika. Misozi inatsika, iye osaipukuta.

"Ndiye ukawauza chiyani azakhali akowo?" anafunsa Evelyn.

"Sindikawauza kanthu, achemwali. Ndikangowapatsa foniyi. Anakulira limodzi, mawu otsalawo akawadziwa okha."

Evelyn anaika kanemayo mu foni ndi pa kamemore khadi kapadera, kamene Lidiya anakamanga pa nsonga ya chitenje. Anamulemberanso dzina la mudzi ndi la azakhali ake papepala, poti foni anali atasiya kuzikhulupirira. Kenako anamuperekeza pa siteji kukafunsa nthawi imene minibasi yoyamba ya ku Lilongwe imanyamuka Loweruka.